Ndege Zitatu za Bashi Mwila

Ine sindibwerera chimanjamanja. Funsani pamsika wa Chongwe, funsani ku Nkomeshya, adzakuuzani kuti Tembo akaponya diso pa chinthu, mwini wake angoyamba kutsazikana nacho. Ndinagulapo makina osokera kwa mayi amene analumbira kuti adzaikidwa nawo m'manda. Ndinagulapo belu la ng'ombe, ng'ombeyo ili chivalire. Ntchito yanga ndi yomweyo: ndimayenda m'midzi ndi m'mapulazi kufunafuna zakale, simbi zamakala, mawailesi akufa, nyali zagalasi, n'kukagulitsa ku Lusaka kwa anthu amene amakongoletsa nazo malo odyera ndi ogona alendo. Kumeneko dzimbiri lili ndi mtengo. Choncho tsiku limene ndinaona chithunzi cha ndege pakhoma la Bashi Mwila ku Kanakantapa, ndinadziuza kuti likamalowa dzuwa chikhala chili m'chikwama changa.

Sabata yatha tinavundukula mwala pamanda awo. Pamwalapo pali dzina lawo ndi vesi la m'Baibulo, basi. Ndiye ndati ndilembeko zimene mwala sunanene.

Anali Mbemba wa kumpoto, wamtali, wa mapewa ogwa pang'ono, wovala ovololo yositidwa ngakhale popita kukapalira. Anabwera ku Lusaka ali mnyamata, n'kupeza ntchito pabwalo lalikulu la ndege. Musaganize kuti anali oyendetsa ndege. Ankayendetsa thalakita yotchetcha udzu m'mbali mwa msewu umene ndege zimathamangapo. Anatchetcha udzu umenewo mpaka imvi, koma m'ndege sanakweremo ngakhale kamodzi. Atapuma ntchito anapatsidwa puloti ku Kanakantapa, n'kuyamba kulima chimanga, tomato ndi repu. Akazi awo, Bana Mwila, anamwalira ine ndisanawadziwe. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Mwila, amene anthu ankawatchulira dzina lake, amakhala ku Silverest m'nyumba yampanda wa njerwa.

Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya. Timanyozana mwaufulu, iwo kuti timadya mbewa, ife kuti amadya anyani, pamaliro ndi paukwati pomwe, ndipo wokwiya ndiye wachita manyazi. Ndiye nditaodira pakhomo pawo n'kutchula dzina langa, sanandipatse moni.

"Tembo? Wa ku Chipata? Mbewa za m'munda mwanga nazibelenga zonse, mwaiche, kamwana iwe. Ikasowa imodzi, niziba koyambila."

"Osadandaula, bamudala," ndinatero ine. "Nabwela chabe kuona ngati anyani akali kupezeka kuno, kapena munasiliza onse."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundilowetsa m'nyumba.

Lamulo loyamba la ntchito yathu n'lakuti usayang'ane chimene ukuchifuna. Chithunzicho ndinachiona ndi ngodya ya diso polowa, pomwepo ndinachipatsa msana. Ndinayamba kutama simbi yamakala imene inali pansi pa tebulo, kuitembenuza, kuiliza ndi chala. Titamvana za simbiyo, ndinanyamuka ngati ndikupita, n'kunena ngati munthu wongokumbukira:

"Manje mbasela? Nipaseniko kapepala kaja ka pakhoma. Kangosunga akangaude."

"Kapepala kati?"

"Ka ndege."

"Ndege zingati?"

Apa ndinagwidwa. Chithunzi chinali kumbuyo kwanga.

"Ziwili," ndinatero.

"Zitatu. Ufuna kugula chinthu chimene sunachione? Nkhala pansi."

Anandikokera mpando, n'kuutembenuza kuti uyang'ane khoma. Umo ndi mmene ndinachionera koyamba bwinobwino.

Chinali chithunzi chosindikiza, chakuda ndi choyera, cha m'galasi ndi fulemu yamatabwa. Sichinali chojambula ndi kamera. Munthu anachita kujambula ndi dzanja, timizere tating'onoting'ono, kenaka makina n'kuchisindikiza. Kumwamba kunali ndege zitatu za nkhondo zija zokhala ndi chopukusa kumphuno, zikuuluka chapansipansi. Yapakati inkatuluka utsi, mzere wakuda wopyapyala umene unkazimirira kumbuyo. Pansi panali munda, ndipo m'mundamo munthu wachipewa akulima ndi mahatchi awiri. Kutali kunali kanyumba ndi mitengo yondandalika. Mitambo inali yolemera, ya mvula, koma dzuwa linaboola penapake n'kuwalitsa phiko la ndege yakutsogolo.

Nditayang'ana mokwanira, monga mwa ine, ndinatchula mtengo. Anagwedeza mutu mwaulemu ngati amva nkhani yamaliro akutali.

"Wayesa," anatero. "Uzabwele futi."

Kuyambira pamenepo panakhazikika lamulo lawo. Ndikafika, ndisanakambe za mtengo, ndinkayenera kukhala pampando uja n'kutchula chinthu chimodzi chatsopano chimene ndaona. Ndikachipeza, ankandilola kutchula mtengo. Ankaumvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndayesa, kenaka n'kundipatsa mbatata yootcha, imene kuno timati kandolo. Ine ndinkati ndi njira yawo yokwezera mtengo, ndipo ndinkawapatsa ulemu chifukwa cha zimenezo. Wamalonda amadziwa mnzake.

Poyamba zinali zosavuta. Mbalame zotsatira khasu la mahatchi. Chipata cha munda chosiyidwa chotsegula. Zovala zoyanikidwa kuseri kwa kanyumba kaja, zopepesuka chakumanja, kusonyeza kumene mphepo inkapita. Kenaka zinayamba kufuna maso enieni. Tsiku lina ndinapeza kuti m'ndege yakumanzere muli kamutu ka munthu, kadontho chabe, ndipo sikayang'ana kutsogolo. Kapendekera kwa mnzake wa utsi uja. Tsiku limenelo ndinafika pamsewu wa minibasi ndisanakumbukire kuti mtengo sindinautchule.

Iwo chimene ankakonda ndi mafunso, osati mayankho. Ndegezi zikupita kunkhondo kapena zikubwerako? Ndi m'mawa kapena madzulo? Ankandiuza kuti ndiyang'ane mthunzi wa mahatchi, kutalika kwake, kenaka tikangane. Ankati chithunzi cha mitundumitundu chimakuuza zonse n'kukusiya wopanda ntchito, koma chakuda ndi choyera chimakusiyira munda woti ulimemo wekha. Kwa iwo dothi la m'chithunzimo linali lofiira nthawi ya mvula zoyamba, ndipo chilimwe linkambuwa ngati la pakhomo pawo. Ndinawafunsa mtundu wa mahatchi. Anati wina ndi wofiirira, wina sanamusankhirebe.

Koma funso lawo lalikulu linali la mlimi uja. Ndege zitatu zikudutsa pamutu pake, imodzi ikupsa, iye maso ali pamzere. Sayang'ana kumwamba. Chifukwa chiyani?

Ine ndinati ndi gonthi. Tsiku lina ndinati wojambulayo sankadziwa kujambula nkhope yoyang'ana kumwamba. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala.

Yankho lawo linachokera kutali. Nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia, pamene ndege za kumeneko zinkalowa m'dziko muno kudzaponya mabomba, iwo anali atapita kukathandiza apongozi awo kubzala kufupi ndi mtsinje wa Chongwe. Ndege zinatulukira pamwamba pa mitengo, phokoso likubwera pambuyo pake. Iwo, munthu wa pabwalo la ndege, wodziwa ndege kuposa aliyense m'mudzimo, anadzigwetsa mumzere, kukamwa kodzaza dothi. Atadzuka anapeza apongozi awo aakazi ali kutsogolo, chiweramire, akuponya mbewu n'kukwirira ndi phazi. Atawafunsa, mayiwo anangoti mbewu anaiviika kale m'madzi, ikagona iwola. Ndiye Bashi Mwila ankati mlimi wa m'chithunzi si gonthi ndipo si wolimba mtima. Wangochedwa kubzala. Koma ankamaliza ndi kunena kuti mwina akulakwitsa, tiyang'anenso.

Kumene anachitenga sindikudziwa mpaka lero. Anandiuza kuti anapatsidwa ndi mzungu woyendetsa ndege amene ankabwerera kwawo. Ulendo wina anati anachitola padzala pamene ankapaka penti ofesi ina ya pabwalo paja. Ulendo winanso anati anachiwina pa nsolo. Nditawakumbutsa kuti nkhanizi sizigwirizana, anati munthu wogula zakale amafuna nkhani yoti akanamize nayo makasitomala, ndiye andipatsa zitatu kuti ndisankhepo.

Chimene aneba onse amavomereza n'chakuti chithunzichi chinawayambanitsa ndi akazi awo. Bana Mwila ankafuna kuti pamalo pamenepo pakhale chithunzi cha ukwati wawo. Tsiku lina amuna awo ali kumunda, anachichotsa n'kukachikoleka m'kanyumba kosungiramo makasu ndi feteleza. Bamudala sanakalipe. Nthawi ya chakudya anangonyamula mbale yawo n'kukadyera m'kanyumbamo, pathumba la feteleza. Mawa lake chimodzimodzi. Alendo akabwera ankawalandirira momwemo. Mayi anatopa ndi manyazi n'kuchibweza, ndipo bamudala anachikhomera pakhoma ndi misomali kungodya zonse kuti nkhani ithe. Mkulu wina wa mpingo nayenso anayesapo. Anati Mkhristu sasunga zinthu za kuphana m'chipinda chochezera. Bashi Mwila anamukokera mpando womwe uja n'kumupempha kuti aloze munthu wakufa mmodzi. Mkuluyo anayang'ana, anayang'ana, mapeto ake anafunsa ngati mahatchi amalima bwino kuposa ng'ombe.

Musaganize kuti ine ndinkangopita kukadya kandolo. Wogula ndinali naye. Mwini wa malo ogona alendo a m'mbali mwa msewu waukulu wa kum'mawa anaona chithunzicho pafoni yanga, maso ake n'kuwala. Ameneyo ankadziwa ndege. Anandiuza kuti n'za nkhondo yaikulu ya azungu, ndipo iliyonse inkanyamula munthu mmodzi yekha. Nkhani imeneyi ndinapita nayo ku Kanakantapa ngati nyambo.

"Mmodzi chabe?" anafunsa bamudala. "Kulibe wa kumbuyo?"

"Kulibe."

Anatembenukira kuchithunzi.

"So uja wa utsi ali yekha na moto wake. Aba awili sangamuthandize chilichonse. Sangazimye, sangamukoke." Anakanda chibwano. "Koma sanamusiye. Amupelekeza chabe. Ndiye kuti abwelela kunyumba, mwaiche. Munthu samupelekeza wodwala kupita ku nkhondo."

Funso limodzi linathera pamenepo. Mtengo sunasunthe.

Tsopano ndifike pa galu.

Panali patapita mvula ziwiri kapena zitatu, ndipo zatsopano zinandithera. Ndinali nditawerenga mitengo, mbalame, mabatani a malaya a mlimi. Komanso panali tinthu tina timene tinkandidabwitsa. Bamudala anayamba kuthira tiyi chala chili m'kapu. Ndikalowa osalankhula, ankadikira kuti ndiyambe ndine. Ndiye tsiku limenelo, nditakhala pampando, ndinati:

"Naona galu. Wagona pansi pa mtengo wachiwili."

Munalibe galu m'chithunzimo. Munthu amene anachiyang'ana theka la moyo wake akanandiseka pomwepo. Iwo anaimirira, anasendera pafupi, mphuno pafupifupi kugunda galasi, akuyang'ana pamalo pamene panalibe ngakhale mtengo.

"Eee," anatero. "Namuona."

Sindinanene kanthu, ndipo kukhala chete kwangako ndi kumene kunandiwulula. Anabwerera pampando wawo pang'onopang'ono, dzanja likufufuza tebulo.

"Kulibe galu, ai?"

"Kulibe, bamudala."

"Wa mbewa iwe. Wanitchela msampha m'nyumba mwanga."

Anandiuza kuti maso anayamba kutha kuchokera m'mbali, ngati munthu akutseka chitseko pang'onopang'ono. Pamene ndinabwera koyamba n'kuti akuona ndege zokha, munda utapita kale. Tsopano ndege nazonso zinali zitapita. Ndiye kuti nthawi yonse imene ine ndinkati tikutsatsana malonda, iwo anali atapeza munthu wowaonera chithunzi chawo, wolipidwa kandolo.

Musandifunse ngati maganizo ena sanandibwerere. Ndine wamalonda. Munthu wosaona, khoma, chithunzi chimene wogula akuchidikira. Koma sanandipatse mpata woti ndiganize mpaka kumapeto.

"Niziba zimene uganiza," anatero. "Ufuna uchotse, uikepo kalenda ya ku butchala, ine nizinkhala niyangana nkhumba."

"Awe, bamudala, ine?"

"Iwe wamene. Manje mvela mtengo wanga, chifukwa sunaumvepo. Mwila akaziba, azanitenga. Azaniika ku Silverest, pakhonde, kuseli kwa mpanda, niziwamvela chabe mamotoka. Puloti azagulitsa. Amayi ake ali apa, kuseli kwa mango. Ine sinifuna kufela pa matailosi. Ukakamba, chithunzi chizayenda na ine ku Silverest, suzachionanso. Ukankhala zii, nikafa ni chako. Mahala, kulibe kulipila."

Ndinawayang'ana. Nkhalamba yowonda, yotsokomola, mitsempha ili poyera. Mumtima ndinati malonda ngati awa sabwera kawiri. Tinagwirana chanza.

Anakhala ndi moyo zaka zina zambiri, moti wogula wanga uja anagulitsa malo ake n'kusamukira kunja.

Kukhala chete kunali ndi ntchito yake imene sanaitchule pogwirana chanza. Kuti chinsinsi chisungike, pankafunika munthu wowawerengera zolemba za pathumba la mbewu, woona ngati aganyu apalira kapena angokanda pamwamba, wowauza kuti malaya avala chotembenuza. Ndinawatengera mwakachetechete kuchipatala cha maso ku Lusaka. Adokotala anati tinachedwa, khungu la mtundu umenewu silichira. Pobwerera, m'minibasi, ine ndinali wokhumudwa, iwo ayi. Titafika pafupi ndi mphambano yopita kubwalo la ndege, anandigwira bondo kuti ndikhale chete. Pamwamba pankadutsa ndege.

"Itela," anatero. "Yalema. Yachoka kutali."

Kondakitala anatulutsa mutu pawindo kuti aone, n'kubweza akugwedeza mutu.

Chizolowezi chimenechi anali nacho kuyambira kale. Ndege ikadutsa ankadula mawu pakati, ngakhale pemphero, mpaka phokoso lithe, kenaka n'kupitiriza pamene anasiyira ngati palibe chachitika.

Mwila akamabwera, tinkakonzekera ngati ana a sukulu. Ndinkawauza zimene zasintha pabwalo, kuti papaya wabereka, kuti nkhuku yamawanga ili ndi anapiye, kuti aneba apaka chitseko penti yobiriwira. Mwana wawo akangotsika galimoto, bamudala ankayamba kuloza uku ndi uku ngati mwini maso anayi. Akalowa m'nyumba ankamuonetsa za m'chithunzi.

"Waona kamutu aka, Mwila? Kayangana mnzake."

"Naona, adadi."

Ine ndili pakona, ndikudzitama mumtima kuti tamupusitsa munthu wophunzira.

Mpando uja sitinausiye. Lamulo lokha ndi limene linasintha. Tsopano ankandiuza poyambira, kuti lero tiyambe kumitambo, kapena lero tiyambe kumapazi a mahatchi, ine n'kumayenda ndi mawu pang'onopang'ono mpaka chithunzi chonse chithe. Ndikadumpha kanthu ankandibweza. Ndikafulumira ankati ndikuthamangira kuti, ndege zomwe sizinafikebe. Nthawi zina ankafunsa za galu, ngati akadali chigonere. Ndinkati wadzuka, wapita kukamwa madzi. Ankati ndimuuze abwerere, munda ukufunika mlonda.

Anamwalira nyengo yozizira, m'mawa, pabedi pawo, m'nyumba yawo. Chifuwa ndicho chinawatenga. Mwila anali pambali pawo. Anawaika kuseri kwa mango, pafupi ndi akazi awo.

Maliro a Mbemba ndi ntchito ya ife a kum'mawa. Tinakumba manda, tinatema nkhuni, azimayi athu anaphika, ndipo tinawapaka achibale ufa kumaso mpaka anaoneka ngati atuluka m'chigayo. Titabwerako kumanda, anthu atakhala pabwalo, ndinaimirira ndi hamala m'manja. Mbuya ali ndi ufulu wolanda kanthu pamaliro, abale n'kuchita kuombola. Ndinalengeza kuti kuyambira kalekale Abemba ndiwo amatibera, lero wa kum'mawa abweza, ndipo ichi chokha palibe woombola. Anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Mwila anati, "Tengani, Ba Tembo. Adadi anakamba kuti ni chanu."

Ndinalowa, iye akunditsatira. Ndinazula msomali woyamba, wachiwiri. Pa wachitatu fulemu inalowa chala changa ngati mkate. Nditachikoka pakhoma, kumbuyo kwake kunakhuthuka dothi, waa, pamapazi panga. Chiswe. Chinatulukira m'khoma, chinadya thabwa lakumbuyo, chinadya fulemu m'kati n'kusiya penti yokha, chinadya pepala kuchokera kumsana n'kusiya kakhungu kopyapyala komatirira pagalasi. Chimene chinkagwira zonsezo ndi khoma. Ndikuyang'ana chonchi, mitambo inayoyoka. Kanyumba kanapita. Ndege yakutsogolo inasweka pakati n'kutsetsereka pansi pa galasi.

Mwana wa sukulu amene wayamba dzulo kugula zakale amadziwa kuti chinthu umachitembenuza. Mpando umauyang'ana kunsi, kabati umaigogoda kumbuyo. Ine ndinayang'ana nkhope ya chithunzi chimenecho zaka zonsezo, kuposa mmene ndinayang'anirapo nkhope ya mkazi wanga, koma kumsana kwake sindinasuzumireko.

Mwila anagwira pakamwa. Ndinkati akulira. Ankaseka.

"Pepani, Ba Tembo. Anali kuchimvela. Anati m'khoma muli tophokosela, monga mvula ya patali. Ninafuna kubweletsa mankhwala, anakana. Ati ukachotsa chizagwa, chisiye mpaka nipite. Ati usamuuze wa mbewa, angaleke kubwela."

"Anali kuchimvela," ndinabwereza ngati chitsiru. Kenaka mawu akewo anandifika bwino: kuchimvera, osati kuchiona. "Manje imwe, za maso munali kuziba?"

"Ba Tembo. Munthu ankhala yekha, ali na maovololo awili. Nthambo zoyanika zovala zichoka pakhomo kupita ku chimbuzi, zina ku chitsime, zina ku munda. Munamanga ndimwe, si so? Tsiku lina ananionetsa papaya, aloza thanki ya madzi."

"Nanga osawatenga bwanji?"

"Ninakonza chipinda. Amuna anga anagula na bedi. Koma nikabwela nipeza adya, asamba, mbewu yabzalidwa, aseka. Aneba aniuza ati kuli mbuya wawo wa ku Chongwe samaphonya. Ninati tsiku muzaleka kubwela, nizabwela na motoka. Simunaleke."

Ndinafuna kumuuza kuti ine ndinkabwerera katundu wanga. Ndinayang'ana katunduyo, dothi lili pansapato zanga, n'kuyamba kulisansa.

Galasilo ndinapita nalo. Patsala ndege ya utsi, theka la inzake ya kumanzere, mahatchi, ndi mlimi kuyambira m'chiuno kutsika. Palibe angagule. Lili kuseri kwa kauntala pashopu panga, ndipo wina akafunsa kuti n'chiyani, ndimapezeka ndamukokera mpando. Ndimayambira kumitambo imene kulibe. Ena amamvetsera. Ena amakumbukira mwadzidzidzi kuti minibasi ikuwasiya.

Titatha kuvundukula mwala sabata yatha, anthu akudya pansi pa mango, ndinapempha kiyi. Puloti sinagulitsidwe, Mwila akuti akuganizabe, koma m'nyumbamo simukhala munthu. Mipando anaiunjika pakona n'kuiphimba ndi chitenje. Mavu amanga zisa pawindo. Pakhoma pali malo a ngodya zinayi pamene laimu ndi woyera kuposa pena ponse, ndipo pakati pake pali njira za chiswe zouma, zofiira, zokhotakhota kukwera m'mwamba. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene munthu wanzeru amaimira patsogolo pa khoma lopanda kanthu. Kunja wina anandikuwira kuti nyama ikutha, ndipo a kum'mawa anzanga sadikira munthu.

Iwo anafuna kufera pakhomo pawo, ndipo anaferapo. Ine ndinafuna chithunzi, ndipo ndinachitenga, mahala, monga tinapanganira. Palibe ananamiza mnzake pa mawu amene tinagwirirana chanza. Ndawerengera kutsogolo, ndawerengera chobwerera, ine amene pamsika amandiopa, ndipo sizikutuluka. Inu amene mwaimva yonse, tandiuzani: pamalonda amenewa, anadya mnzake ndani?